Umboni wa M'thumba la Jekete

3 Malichi

Chisamba changa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, ukudya ndiponso ukupuma. Kuno tilipo, ine ndi mng'ono wako Mzime. Shuga wanga akundilemekezabe, bola ndisamumane mankhwala ake.

Usadabwe kuona kalata ya pamanja ngati tabwerera m'masiku anga a ku positi ofesi. Foni yanga siinafe, koma ili m'manja mwa boma, ndipo nkhani iyi sindikufuna kuiyankhulira pa foni ya mng'ono wako. Ndapatsira a Matayala, adalaivala a thiraki aja amene amatibweretsera katundu wako. Akuti amafika kwanuko kawiri pamwezi.

Nkhani yake ndi iyi. Lachiwiri lapitali, ndikutsegula kontena yanga m'mawa, panafika anthu atatu ochokera ku ofesi yofufuza ndalama zokayikitsa. Anthu aulemu, nsapato zopukuta bwino. Akuti mu akaunti yanga mumalowa ndalama zochokera kunja, pang'onopang'ono, kuchokera kwa anthu ambiri osiyanasiyana, ndipo ine monga ejenti wotumiza ndi kulandira ndalama za anthu ndinayenera kukanena. Akukayikira kuti ndine ngalande yodutsira ndalama za akuba. Ine! Munthu amene ndinakhala pa kauntala ya positi zaka makumi atatu ndi chimodzi osasowetsa ngakhale sitampa imodzi. Ndinaseka mpaka mmodzi wa iwo anaseka nawo.

Asanayambe mafunso anandiuza kuti ndili ndi ufulu wokhala chete, kapena kudikira kaye loya. Ndinawayankha kuti loya amafunika kwa munthu amene ali ndi chobisa. Ndinawakhazika pa benchi ya makasitomala n'kuwafotokozera zonse, ngakhale zimene sanafunse. Ndinawauza kuti ndalamazo ndi za mwana wanga woyamba, nesi pa chipatala chachikulu cha mumzinda umene ukukhalamo, ndipo ntchito imamuchulukira, n'chifukwa chake amatuma anzake kukamutumizira. Ndinatsitsa pakhoma chithunzi chako chija cha yunifolomu yoyera, anachijambula. Atamaliza kulemba ndinawerenga, ndinawakonzera malo awiri pamene analakwitsa, kenako ndinasaina. Wamkulu wawo anati sanaonepo siginecha yokongola chonchi.

Pakali pano akaunti aitseka, pa kontena aikapo loko wawo, chiphaso changa cha ntchito achiimitsa. Andipatsa masiku makumi atatu oti ndiyankhe, kenako pa 7 Epulo ndikaonekere pamaso pa komiti imene idzagamule. Akapeza kuti ndine wolakwa, chiphasocho alanda ndipo dzina langa alilengeza m'nyuzipepala. Koma zimenezo n'za anthu olakwa, ife sizikutikhudza.

Chofunika kwa iwe n'chaching'ono. Unditumizire mapepala ako a malipiro a miyezi khumi ndi iwiri, ndi kalata ya mabwana ako a kuchipatala yokhala ndi chidindo, yonena kuti ndiwe wawo. Zikafika zimenezi, nkhani yathera pomwepo. Uwapatsire a Matayala pobwerera, usazipinde kwambiri.

Usade nkhawa. Ndikungopuma tchuthi chimene sindinapemphe.

Ndine bambo ako.


14 Malichi

Ababa,

Kalata yanu ndinailandira dzulo pa depoti ya mathiraki, ndipo ndinaiwerengera pomwepo nditaimirira. Muli bwanji tsopano? Mukudya pa nthawi yake? Mzime akukusamalani, kapena wangotanganidwa ndi mitu ya anthu ku saluni kwake? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira.

Ababa, mwandiopsa. Inu mukulemba ngati nkhani yoseketsa, koma ine mtima uli m'mwamba. Munasainiranji popanda loya? Anthuwo anakuuzani okha kuti mukhoza kukhala chete, inu n'kuwakhazika pa benchi! Chonde mundiyankhe bwinobwino mafunso awa. Dzina la chipatala munalitchula? Chithunzicho anachitenga kapena anangochijambula? Mayina a anzanga amene amakutumizirani ali nawo onse?

Za mapepala ndayamba kuyendera. Mayi amene amasunga mafayilo athu ali pa tchuthi, ndipo kuno zinthu sizituluka tsiku limodzi ngati mmene mukuganizira. Mundipatse kanthawi.

Ndaika kangachepe mu envulopu ya khaki imene a Matayala akupatseni pamanja. Mupezere loya wabwino, zotsalazo mugule mankhwala. Komanso tafunsani, kodi sizingatheke kungolipira chindapusa nkhani n'kutha, osafika ku komitiko? Ngati zingatheke, ine ndigwira mashifiti owonjezera, ndalamayo ipezeka.

Musayankhenso funso lililonse muli nokha. Ndakugwirani mwendo, Ababa.

Mwana wanu.


26 Malichi

Asisi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, chifukwa kuno sitili bwino, ndipo ine sinditha kukometsa nkhani ngati Ababa.

Tinadikira a Matayala ngati akubwera ndi mvula. Ababa anavala malaya oyera kukawachingamira ku depoti. Atatsegula envulopu n'kupeza ndalama m'malo mwa mapepala, anaigwedeza, anasuzumiramo, anafunsa adalaivala ngati palibe ina imene yagwera pansi pa mpando. Ine ndinayang'ana kumbali.

Ndalama zanuzo sitinazikhudze. Loya wati munthu amene akufufuzidwa za ndalama zochokera kunja akalandiranso zina pamanja mwamseri, ndiye kuti wadzimangirira yekha chingwe. Zili m'chitini pamwamba pa kabati, zikungotiopseza. Loyayo tinamupeza ku ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangathe kulipira. Ndi mayi wamng'ono thupi, amayenda ndi chikwama chong'ambika zipi, koma pakamwa pake pali moto. Atawerenga zimene Ababa anasaina anagwira mutu. Ababa n'kumati, "Mwaona mwana wanga, palibe cholakwika ngakhale chilembo chimodzi." Iye anati, "Bambo, ndikanakonda mukanalakwitsa zilembo zonse koma osasaina."

Mukudziwa zimene Ababa akuchita masiku ano? M'mawa uliwonse amadzuka, amameta ndevu, amapita kukasesa kutsogolo kwa kontena yotseka. Akatha amakhala pa benchi mpaka masana. Anthu amene ankawasungitsa ngakhale makiyi a nyumba zawo tsopano amawoloka msewu akawaona. Ku saluni nkhani ili m'kamwam'kamwa. Wina ndikumuluka tsitsi anandifunsa kuti, "Ndiye mamiliyoni aja munabisa kuti?" Ndinamukoka tsitsi mpaka anatuluka misozi, ndipo sanabwerenso. Makasitomala atatu ndataya chifukwa cha pakamwa pangapa.

Mankhwala a shuga anatha pa 12. Akaunti yotseka, ine ndinali ndisanapeze kanthu, iwo osanena. Anakhala masiku anayi osamwa mpaka anachita chizungulire pa benchi pomwepo, anawanyamula ndi ogulitsa matumba a pulasitiki. Loya atamva anapsa mtima. Akuti lamulo limalola kuti munthu wotsekeredwa akaunti azipatsidwako ya chakudya ndi mankhwala, ndipo ofufuza aja anayenera kutiuza tsiku loyamba lomwe. Zinalembedwa ndithu, pa tsamba lachinayi, m'chinenero cha maloya, timalemba tating'ono ngati nyerere. Ababa anali atawerenga koma sanamve, ndipo mukuwadziwa, sangavomere kuti pali kalata imene yawakanika. Pano akutipatsa pang'ono mwezi uliwonse.

Tsopano imvani chimene ndalembera. Loya anakakamiza kuti atipatse fayilo yonse, chifukwa munthu sangayankhe mlandu umene sanauone. Anatipatsa, masamba ena atawadetsa ndi inki yakuda. Koma tsamba limodzi likuwerengeka bwinobwino. Ofesi ija inalembera chipatala chimene Ababa anatchula, ndipo chipatalacho chinayankha kuti chilibe nesi wa dzina lanu, ndipo sichinakhalepo naye. Choncho pa mlandu wa ndalama uja awonjezerapo wina, wakuti Ababa ananama kwa ofufuza.

Ababa akuti ndi makalaliki aulesi a masiku ano amene sadziwa kuyang'ana m'kaundula. Ine sindinawatsutse. Koma ndakhala ndikuyang'ana chithunzi chanu chija, ndipo ndaona kuti pa yunifolomuyo palibe baji, palibe dzina. Zaka zisanu ndi zitatu simunabwere, ngakhale pa maliro a Amama munati ntchito yakukanizani. Ndalama simunatumizepo m'dzina lanu ngakhale kamodzi.

Asisi, mumagwira ntchito kuti? Musandizungulitse, ine si Ababa.

Mzime.


27 Malichi

Chisamba changa,

Moni wa m'mawa uno. Ndaona mng'ono wako akulemba chikalata chachitali nkhope itakwinyika, ndiye ndati ndiikemo kanga mu envulopu yomweyo. Zimene walembazo sindinawerenge, kalata ya wina sindinatsegulepo chibadwire, koma usazitengere kumtima. Mwanayu anatengera lilime la mayi ake aang'ono.

Pali nkhani ziwiri zabwino. Loya wathu wapempha kuti tsiku lisinthe chifukwa umboni wathu ukuchokera kutali, ndipo avomera. Tsopano ndi pa 5 Meyi. Chachiwiri, zinapezeka kuti bwana amene anandifunsa mafunso uja analinso m'gulu la odzagamula. Loya anati munthu mmodzi sangakhale wokugwira komanso wokuweruza, ndipo amuchotsa. Ndinamumvera chisoni pang'ono, chifukwa anali munthu waulemu, koma ndaona kuti lamulo likadalipo m'dziko muno. Atipatsa mpata wonse woti tiyankhule. Chatsala n'chakuti tikhale ndi chokayankhula.

Za chindapusa usazitchulenso. Kulipira chindapusa ndiye kuvomera kuti ndine wakuba, ndipo ine sindinabe. Ndalama ndilibe nazo ntchito, ndikufuna dzina langa.

Za kuchipatala kwanuko, ndikudziwa mmene maofesi akuluakulu amakhalira. Mwina anayang'ana m'kaundula wa nthambi ina. Upite wekha kwa bwana wamkulu, uvale bwino, umuuze kuti bambo ako okalamba ali pa mpanipani. Mayi wa mafayilo uja sanabwerebe ku tchuthi? Tchuthi chake n'chachitali kuposa changa.

Ndikudikira.

Bambo ako.


9 Epulo

Mzime,

Moni mng'ono wanga. Kalata iyi ndi yako wekha. Ukaiwerengere ku saluni, osati kunyumba.

Wafunsa mosazungulira, ndiyankha mosazungulira. Ine si nesi. Sindinakhalepo nesi.

Ukukumbukira kuti Ababa atapuma ntchito ku positi anatenga ndalama zawo zonse za penshoni n'kundilipirira sukulu ya unesi kuno. Chaka choyamba ndinakhoza. Chaka chachiwiri fizi inakwera, ndinayamba maganyu kuti ndikwanitse, ndinkagona m'kalasi, ndipo ndinalephera mayeso kawiri. Anandichotsa. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinali cha sukulu, choncho chinathera pomwepo. Tsiku limene ndinaimba foni kuti ndiwauze, Ababa anayamba ndi iwo kundiuza kuti atsegula kontena ndi ngongole, ndipo auza anthu onse a pa depoti kuti mwana wawo akubwera ndi dipuloma. Ndinati ndidzanena mwezi wamawa. Mwezi wamawawo wakwana zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndimagwira ntchito pa nyumba yosungira okalamba. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawasintha matewera, ndimakolopa akasanza. Yunifolomu ya pa chithunzi ndi ya kumeneko. Ntchitoyo sindichita nayo manyazi, ndimaigwira bwino, ndipo agogo ena sadya ngati si ine ndawapatsa supuni. Koma ndinailowa ndi mapepala a mayi wina wa kuno amene anandimvera chisoni. Pa ntchito amandiitana dzina lake. Malipiro amalowa m'dzina lake, iye n'kumandipatsa pamanja. N'chifukwa chake sindingatumize ndalama ndekha, ndimapempha anzanga, lero uyu, mawa uyo. Mapepala a malipiro alipo, Mzime, onse ndinasunga mu katoni ya nsapato. Koma palibe ngakhale limodzi lolembedwa dzina langa.

Amama atamwalira ndinkadziwa kuti ndikatuluka pa chipata cha dziko lino sindidzalowanso, ndipo mankhwala a Ababa ndi fizi yako ya sukulu ya zokonza tsitsi zithera pomwepo. Tsiku la maliro ndinali pa shifiti. Ndinalirira m'chipinda chochapira, makina akuzungulira kuti anthu asamve. Ukhoza kundida, ndikuvomera. Inenso ndimadzida.

Ndalama zimene ndinkatumiza si zakuba. Iliyonse ndinaigwirira ntchito ndi manja angawa. Koma bodza langa ndi limene Ababa anasainira, ndipo sindingalole kuti afe ndi dzina la wakuba chifukwa cha ine. Mu envulopu muno muli pepala lachiwiri. Ndalembamo zonse, dzina la nyumba ya okalamba, dzina la mayi uja, mayina a anzanga asanu ndi anayi amene ankanditumizira, ndipo ndasaina dzina langa lenileni. Ndaikamonso mafotokope a mapepala a malipiro. Ukapereke kwa loya. Akaziika pamodzi ndi masiku amene ndalama zinkalowa, aona okha kuti zikugwirizana.

Ndikudziwa chimene chingatsatire. Akhoza kundigwira n'kundibweza. Mayi uja akhoza kumangidwa, ndipo ali ndi ana awiri. Mwa anzanga aja, anayi ali ngati ine ndemwe, alibe mapepala. Sindinawauze kuti ndalemba mayina awo. Koma ndasankha Ababa.

Chimodzi chokha ndikupempha. Loya akonze zonse, koma Ababa asamve kwa iwe. Ndidzawauza ndekha mlandu ukatha, shuga wawo atakhazikika.

Mkulu wako.


19 Epulo

Asisi,

Moni. Ndalandira, ndawerenga, ndipo zimene munapempha zalephereka tsiku lomwelo. Mundikhululukire.

Munaiwala kuti pakhomo pano kalata iliyonse imadutsa m'manja mwa Ababa. Anakaitenga okha ku depoti. Ataona kuti yalembedwa kwa ine sanaitsegule, mukuwadziwa. Anabwera nayo ku saluni, anandipatsa ndi manja awiri, n'kukhala pa mpando wochapira tsitsi kudikira. Envulopu inali yonenepa, ndiye ankamwetulira, akuti, "Tsegula, mapepala afika." Ndinati ndiwerenga madzulo. Anati, "Ndili ndi nthawi, ine ndi munthu wa pa tchuthi."

Ndinawerenga iwo akundiyang'ana. Ndinayesetsa, Asisi, koma nkhope yanga inandipereka. Nditafika pa za Amama ndinalira. Anauza kasitomala amene analipo kuti atipatse mpata, anatseka chitseko, n'kunena kuti, "Werenga mokweza. Usadumphe mzere, ndidziwa."

Ndinawerenga yonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anayang'ana mawaya a dirayala youmitsira tsitsi. Kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Ndiye kuti tsiku lija ndinamuuza za kontena, mwanayu ankafuna kundiuza zimenezi?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu, anati, "Ndinayankhula kwambiri." Tsiku limenelo sanadye, ndipo m'mawa mwake sanapite kukasesa.

Ine ndinakukwiyirani masiku awiri, kenako mkwiyo unandithera. Dirayala imene ndimadyerayi inachokera m'matewera amenewo. Ndingakudeni bwanji?

Lachinayi tinapita kwa loya. Anawerenga pepala lanu kawiri, maso ake anawala. Anati ndi umboni umenewu mlandu wa ndalama zakuba ugwa, ndipo wa bodza ugwanso, chifukwa Ababa ananena zimene ankakhulupirira. Mwina angowachenjeza chabe chifukwa chosanena, chiphaso n'kuwabwezera. Ine ndinatsala pang'ono kuvina mu ofesimo.

Ababa anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anati, "Mwana wanga, pepalali tikapereka, aliwerenga ndani?" Loya anati komiti. Anati, "Basi?" Loya anazengereza, kenako ananena zoona. Akuti maofesi ofufuza ndalama a mayiko osiyanasiyana amagawana zimene apeza, ndipo lamulo limawalola. Iye akhoza kupempha kuti mayinawo asungidwe mwachinsinsi, ndipo komiti ikhoza kuvomera, koma sangalonjeze. Anati, "Ufulu umene ndingauteteze m'chipinda chija ndi wanu, bambo. Mwana wanu ndi anzakewo sali pa mlandu kuno, choncho palibe amene adzawaitane kuti ayankhulepo zinthu zisanawagwere."

Ababa anati, "Ine anandipatsa masiku makumi atatu, n'kuwonjezeranso ena. Iwowo apatsidwa angati?"

Ababa anatambasula dzanja, loya anawabwezera mapepala onse, anawapinda bwinobwino n'kuika m'thumba la m'kati la jekete. Akuti akaganize. Kuyambira tsiku limenelo jeketeyo savula, ngakhale kutenthe bwanji. Ndayesa kuwanyengerera, ndayesa kuwakalipira, akungoti, "Ndamva, Mzime."

Alembereni, Asisi. Mwina inu akumverani. A Matayala akuti ulendo uno achedwa, thiraki ili ku galaja, koma lembanibe.

Mzime.


29 Epulo

Ababa,

Sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu wokupatsani moni. Muli bwanji, Ababa?

Mwamva zonse, ndipo munamva kwa wina pamene munayenera kumva kwa ine. Ndinakunamizani zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinadya penshoni yanu osabweretsa dipuloma. Pepani. Ndilibe mawu ena oposa amenewa.

Koma chonde perekani pepalalo. Ndinalilemba ndi maganizo anga onse, palibe anandikakamiza. Akandibweza ndibwera, ndidzasesa nanu pa kontena, ndidzachapa mitu ku saluni kwa Mzime. Za anzanga ndi za mayi uja ndi katundu wanga, ndisenza ndekha. Inu munagwira ntchito moyo wanu wonse kuti mukhale ndi dzina loyera. Musalitaye chifukwa cha mwana wabodza.

Kalata ya Mzime yandipeza mochedwa, ndipo ndikuopa kuti iyinso ichedwa. Ndayesa kuimba pa foni yake kanayi, akuti mukukana kuilandira. Mukhoza kukana kuyankhula nane moyo wanu wonse, koma pa 5 Meyi mukayankhule.

Mwana wanu, ngati mukundilolabe.


10 Meyi

Chisamba changa,

Moni, mwana wanga. Ndili bwino, mankhwala ndikumwa. Kalata yako inafika pa 7, zonse zitatha. Usadandaule nazo, ikanafika msanga sikanasintha kanthu.

Ndikufotokozere mmene zinayendera, chifukwa Mzime akakufotokozera awonjezera tsabola. Chipindacho chili pa nsanjika yachitatu, chili ndi tebulo lalitali ndi fani imene imalira ngati ikudwala chifuwa. Odzagamula anali atatu, wapampando ndi mayi wa imvi, wa msinkhu wanga. Anandipatsa madzi. Anandipatsa womasulira kuti chilichonse ndichimve m'chinenero changa, ndipo ulendo uno sindinanamizire kuti ndikumva, ndinamulola agwire ntchito yake. Anawerenga milandu iwiri. Loya wathu analimbana nawo pafupifupi maola awiri za masamba odetsedwa aja, ndipo anawagonjetsa pa mfundo zingapo. Mwana uja adzafika patali.

Kenako wapampando anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, ino ndi nthawi yanu. Tiuzeni kumene ndalamazi zinkachokera, ndipo ngati muli ndi umboni uliwonse, tiulandira ngakhale panopa." Loya anandigwira pa mkono. Mzime kumbuyo ankalira mokweza mpaka mlonda anamuyang'ana. Pepala lako linali pachifuwa pangapa, ndinkalimva.

Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndinati, "Ndilibe chonena."

Mayiyo anavula magalasi. Anati, "Mukumvetsa kuti mukapanda kufotokoza, tigamula ndi zimene zili patebulo pano?" Ndinati ndikumvetsa. Anafunsa ngati wina wandiopseza. Ndinati ayi. Anapereka mphindi khumi kuti ndikambirane ndi loya panja, ndipo loyayo anandichonderera mpaka mawu anamuthera. Titabwerera anandifunsanso kachitatu. Sindingawanamizire anthu aja, anandipatsa mpata wonse umene munthu ayenera kupatsidwa. Tsiku limene anandiuza kuti ndikhoza kukhala chete ndinalongolola, tsiku limene anandipempha kuti ndiyankhule ndinakhala chete. Ukalamba ndi wotero.

Chigamulo chinatuluka Lachisanu. Za kuba sanapeze umboni wokwanira, choncho kundende sindipita. Koma chiphaso alanda, ndipo sindidzaloledwanso kugwira ntchito ya ndalama za anthu. Za bodza andipeza wolakwa. Dzina langa latuluka m'nyuzipepala ya dzulo, tsamba lachisanu ndi chiwiri, pakati pa kampani ina yogulitsa magalimoto ndi munthu wina amene sindikumudziwa. Alilemba molondola, zilembo zonse. Ndinagula nyuzipepalayo ndekha, ndipo wogulitsayo, amene ndinkamusungira makalata ake zaka zambiri, anandipatsa chenji osandiyang'ana kumaso. Loya akuti tili ndi masiku khumi ndi anayi ochita apilo. Ndamuuza kuti asavutike, chifukwa ku apiloko adzafunsanso funso lomwelo.

Sindikubisira, zikundiwawa. Dzina lija ndinalisamala kuposa thupi langali. Ndipo ndakukwiyira, mwana wanga, osati chifukwa cha mayeso, kapena ntchito imene ukugwira. Munthu wosambitsa nkhalamba za eni ake ndi woposa ine amene ndinkangomenya zidindo. Ndakwiya chifukwa unalira wekha m'chipinda chochapira pamene unali ndi bambo. Koma ndikaganiza bwino, ndine ndinakutseka pakamwa. Ndinkakutamanda mokweza kwambiri moti unasowa polowetsa mawu.

Unalemba kuti za anzako ndi katundu wako. Ayi. Mayi amene anabwereka mwana wanga dzina lake kuti adye, ine sindingamulipire pomupereka. Anthu asanu ndi anayi aja ankaima pa mzere kunditumizira mankhwala, osandidziwa n'komwe. Ine ndakalamba, chiphaso ndikanachigwiritsa ntchito zaka zingati? Pepala lako ndi mafotokope ndakubwezera mu envulopu muno. Uziwotche wekha, ndipo usadzalembenso mayina a anthu pa pepala iwo osadziwa.

Usatumizenso ndalama m'dzina langa, chilichonse cholowa kumeneko achigwira. Za m'chitini a Matayala akubwezera. Kontena tigulitsa, Mzime akuti ndizikamuthandiza kulandira makasitomala ku saluni, ngati alipo amene angalole kulandiridwa ndi ine.

Chomaliza. Dzina la mayi uja linali pa pepala lako, koma pepalalo unalembera loya, ndiye ine sindinalitsegule, ndipo Mzime ndamuletsa kunditchulira. Ndikufuna undiuze iwe mwini. Kuyambira tsiku lija ndakhala ndikuganiza kuti ukanadwala kumeneko, kapena galimoto ikanakugunda, ine ndikanayenda chipatala ndi chipatala kufunsa dzina limene ndinakupatsa, onse n'kumandiuza kuti munthu wotero kulibe. Usalilembe m'kalata. Uwanong'oneze a Matayala, adzandiuze pakamwa, ndipo ine ndidzalisunga pamtima. Ndingofuna ndidziwe woti ndikamufunse.

Ndine bambo ako.